Kamvuluvulu amene Ghosh analephera kumulemba

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga za Amitav Ghosh, mlembi wa ku India yemwe anabadwira ku Calcutta mu 1956. Cholinga chinali kungotola mfundo za mayeso, koma kankhani kena kandikakamira m'mutu.

Pa 17 Malichi 1978, Ghosh ali wophunzira ku Delhi, kamvuluvulu woopsa anatulukira mwadzidzidzi iye akuyenda pamsewu. Anathawira pakhonde la nyumba ina n'kudzipanikiza pansi. Podzuka anapeza mabasi atagubuduzika, ndipo anthu pafupifupi 30 anafa. M'buku lake la 2016, The Great Derangement, akuvomera kuti mpaka nthawi imeneyo anali atalephera kulowetsa tsikulo m'nthano zake zonse. Chifukwa chake? Wowerenga akanati mlembi wasowa chonena ndiye wapeka mphepo kuti imupulumutse. Zochitikadi, koma papepala zikuoneka ngati bodza.

Apa mpamene ndinaima nthawi yaitali. Nthano zazitali zimene timaphunzira zinazolowera moyo woyenda pang'onopang'ono: ukwati, ngongole, mkangano wa pabanja. Nyengo ikasokonekera siyendera zimenezo.

Sikuti iye anangokhala manja lende. Nthano yake ya 2004, The Hungry Tide, imachitikira ku Sundarbans, kuzilumba za matope za m'dera la Bengal (ku India ndi Bangladesh) kumene madzi a m'nyanja amameza mtunda n'kuubwezanso tsiku lililonse, ndipo akambuku amagwira asodzi. Imakumbutsanso za ku Morichjhapi, chimodzi mwa zilumbazo, komwe mu 1979 othawa kwawo anathamangitsidwa ponena kuti malowo ndi nkhalango yotetezedwa. Ine gawo limenelo ndi lomwe linandigwira mtima kuposa za namondwe. Mu Gun Island ya 2019 anatsatira anthu a ku Bengal mpaka ku Venice, mzinda wina wolimbana ndi madzi, ndipo ulendo uno analolera kuti nthano yamakolo ya mulungu wamkazi wa njoka ilowemo. Penapake zongochitika mwamwayi zimachuluka, sindibisa, koma tsopano ndikumvetsa chimene ankayesa.

Chaka chatha ndinalembako kankhani ka usiku wa namondwe Freddy, Malichi 2023, matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kulowa mu Chilobwe. Mnzanga wa m'kalasi atawerenga anati, "Aise, apa wakokomeza." Ndinafufuta ndime yonseyo. Dzulo ndinaipezanso m'kope lakale, ndipo ndaibwezeramo.