Galimoto yodziliza yokha pa maliro a agogo

Inu amene mukuitanitsa ma hybrid ku Japan, galimoto zija zoyendera petulo ndi batire, pali zina zomwe ma ejenti sakuuzani ndiye imvani kwa ine amene zinandionekera pamaso pa apongozi ndi mudzi onse.

Yanga ndi Honda Vezel ya 2015, injini ya 1.5 ija, inatsikira pa Dar es Salaam nkulowa pa Songwe. Chomwe ndinaifunira ndi mafuta basi, amene munagonapo pa mzere wa petulo mukudikira thanka yoti palibe akudziwa ngati ikubwera mukundimvetsa. Mapepala a ku Japan amati imayenda makilomita 27 pa lita koma amayezera kwawo uko kopanda ma pothole, kwa ine imandipatsa cha m'ma 18 kapena 19 ndikamaponda mwaulemu, ndipo thanki yake ndi ya malita 40 ndiye ukathira fulu umaiwalako za ku filing'i. Mu jamu ya pa Mchesi anzako akuwotcha mafuta ali chiimire iwe injini yazima yokha, mota ya magetsi ndi yomwe ikukukankha pang'onopang'ono, ukaponda buleki batire ikudzaza. Za ESCOM siifuna, palibe choilumikiza pakhoma.

Kungoti galimotoyi ndi yachete heavy. Ukadina batani sumva kalikonse, kumangoyaka ka READY kobiriwira pa dashibodi. Giya ndi kandodo kobwerera pakati, P woimikira galimoto ndi batani, handibuleki nayonso batani. Munthu wozolowera kupotokola kiyi ngati ine kuyaka ndi kuzima kumamveka chimodzimodzi.

Ndiye kunagwa zovuta kwawo kwa madamu ku Dedza, mbali ya ku Mayani. Agogo awo, achikulire kwambiri oti ankafotokoza za njala ya 1949 akuiona ndi maso. Tinanyamuka ku Lilongwe mochedwa chifukwa cha kugula shuga ndi ndiwo, pofika tinapeza mwambo wayamba kale, kwaya ikuimba, anthu ali mbwee mpaka m'munda. Ndinaimika pansi pa mtengo wa mango chapafupi ndi pomwe panakhala azibambo, nkudina P, madamu atsika kale akuthamangira kusiwa akulira, ine ndikuvula jekete poti kunatentha, kiyi ali mthumba la jekete lomwelo, ndaliponya pa mpando, chitseko phaa. Eyakoni ili on. Ndinapita kukakhala pa njerwa mwaulemu wonse wa mkamwini, manja pa maondo, nkhope yachisoni.

Kwaya itatha anaimirira a mfumu. A mfumu akumeneko salankhula mwachidule ayi, anayamba ndi kuthokoza adzukulu, nkudzudzula anyamata oledzera pa maliro, kenako mawu anatsika nkuyamba zoti mudzi uno muli anthu ena oyenda usiku, ndipo ngati alipo wina amene waikapo dzanja pa imfa iyi adziwe kuti malemu sagona. Anthu onse zii. Ngakhale ana anasiya kulira.

Pompo galimoto inalira. Vruuuum.

Abale anga, mkati mulibe munthu, magalasi otseka, mwini wake ndili pa njerwa apa aliyense akundiona. Azibambo amene anatsamira ku bonet anabalalika, wina anagwetsa benchi yonse ndi anthu ake, mdala wina amene anabwera akutsimphina ndi ndodo anafika ku nkhokwe ndodo ataisiya mmbuyo. Kuchokera kwa azimayi kunamveka "mayo ine agogo akufuna kukwera!" Zomwe zinachitika ndi zapafupi, eyakoni ija inadya batire ndiye kompyuta inadzutsa injini kuti ichaje, imatero nthawi zonse ikakhala pa READY. Koma mutu wanga nthawi imeneyo sunafike kumeneko, nanenso ndinadzidzimuka ndipo ndikuuzeni zoona ndinasuntha njerwa yanga kubwerera mmbuyo pang'ono.

Mkulu wa mpingo wina wolimba mtima anaimirira Baibulo m'mwamba nkuyandikira, akudzudzula ndi mawu onse, "m'dzina la Yesu khala chete!" Ndipo batire ija inali itakhuta basi. Injini thii, kuzima. Anthu "Ameeen!" ena mpaka kuwomba m'manja pa maliro kkkkk, mkulu uja akuyang'ana uku ndi uku chifuwa chili patsogolo.

Atsibweni a madamu ndi amene anandinong'oneza, "akamwini, si yanu iyo?" Ndinadzuka miyendo ikunjenjemera, maso a mudzi onse ali pa ine, nkutsegula chitseko. Mmalo modina batani kamodzi, chifukwa cha mantha ndinakhala pansi phazi pa buleki nkudina kawiri, ndiye inazima nkuyakanso. Tsono amene muli ndi galimoto za ku Japan mukudziwa kamakina kaja ka ETC, kolipirira ma toll gate akwawo, kuno kalibe ntchito poti pa Kalinyeke timapereka ndalama pamanja, koma ukangoyatsa galimoto kamalankhula ndi mawu a mzimayi m'Chijapanizi kudandaula kuti khadi mulibe. Chitseko chili chotsegula, pamaliro pali bata, mayi uja anayankhula momveka bwino zedi.

"Muli mzimayi umo!" Anatero mnyamata wina ali mu mtengo. Wina akuti ndi malilime, wina akuti ayi ndi agogo akutsanzika. Apongozi anga aakazi anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja kudzaona mkazi amene mkamwini wabwera naye pa maliro nkumutsekera mgalimoto. Madamu kumbuyo kwawo maso ofiira ndi kulira koma ndikuwaona akulimbana ndi kuseka, anangoti "inu abambo, zimitsani chinthucho mwatichititsa manyazi."

Titabwera kumanda a mfumu anandiitanitsa. Ndinakhala pansi nkufotokoza zonse, kuti galimotoyi ili ndi mitima iwiri, injini ya petulo ndi mota ya batire, zimasinthana zokha, ndinawatsegulira mpaka ku buti kuwaonetsa kuti batire ili pansi apa ndi chifukwa chake mulibe sipeya tayala, anangoikamo kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. A mfumu anagwedeza mutu nkunena kuti galimoto yopanda sipeya koma yokhala ndi mzimayi sanaionepo, ndipo poti ndasokoneza mawu a mfumu ndipereke nkhuku. Ndinapereka ndalama yake, nkhuku ya ku Mayani tsiku limenelo inakwera mtengo modabwitsa. Mkulu wa mpingo uja sanafune kumva za batire, mpaka pano amati anaizimitsa ndi iyeyo.

Koma chomwe chinandipweteka si nkhuku. Pa zonse ndinafotokoza zija anthu anatolapo mawu amodzi okha, yoyendera batire. Basi nkhani inafala kuti galimoto ya akamwini siimwa mafuta. Madzulo omwewo "alamu, tatiperekezeni ku chigayo poti yanuyi njaulere", mmawa kukatenga azakhali pa Linthipe, kubwera apo kukasiya mapoto ndi mabenchi ku tchalitchi. Mlamu wanga wina anatulukira kuti mipando yakumbuyo imapindika mpaka pansi komanso kuti pokhalira pake pamanyamuka m'mwamba, ndiye munalowa matumba a chimanga, nkhuni, ndi mbuzi yomwe inatsala pa maliro, fungo lake eyakoni inalisunga mwezi wathunthu. Msewu wafumbi wa mabampu uja inayenda bwinobwino poti ndi yokwererako kusiyana ndi ma saloon, koma mutadzaza anthu asanu ndi katundu pa chitunda injini siipuma, imalira ngati ina iliyonse ndipo imamwa. Ndikati mafuta akutha amangoseka, "aaa akamwini musatinamize, tinaiona tokha ikuyenda osalira." Wopereka ngakhale ya lita imodzi panalibe.

Pobwerera ku Lilongwe kagetsi ka mafuta kanayaka tisanafike ndi pa Nathenje pomwe, ndinakaima pa mzere ngati wina aliyense kumbuyo kwa ma minibasi. Ndili pomwepo foni kulira, atsibweni. "Mwafika bwino akamwini? Chabwino. Tsono Loweruka mubwere nayo ija ya batire, pali matumba a mbatata ofunika apite ku msika wa Wakawaka, ndipo a mfumu akuti mayi uja mubwere naye amupatse moni."