Khansa ya chiwindi: kumene ndalama za banja zimathera

Pophunzira za khansa ya chiwindi, nkhani ya ndalama timaidutsa mothamanga, chonsecho ndi imene imagwetsa mabanja. M'zipatala za boma kuno ku Malawi wodwala salipira poonana ndi dokotala, komabe matendawa akamafika kumapeto, mbuzi zimakhala zagulitsidwa, njinga yapinyolitsidwa, ngongole ya kubanki m'khonde ili pakhosi.

Ndalama zimayamba kutha matenda asanadziwike. Munthu akumva kupweteka kumanja, pansi pa nthiti, akuwonda, ndiye amamwa mankhwala a zilonda za m'mimba miyezi ingapo. Akamafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukajambulidwa sikani, chotupa chimakhala chakula kapena chafalikira, moti opaleshoni siithandizanso. Ulendo uliwonse ndi thiransipoti ya anthu awiri, wodwala ndi gadiyani, ndipo gadiyani akakhala kuwodi milungu iwiri nthawi ya dzinja, munda umamera tchire. Chopweteka china n'chakuti kuno khansayi imagwira anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, eni ake odyetsa banja, chifukwa ambiri anatenga kachilombo kotupitsa chiwindi ka hepatitis B ali makanda.

Apa ndi pamene mabanja amafunika kuuzidwa zoona msanga. Akapanda kumva bwinobwino kuti matendawa sachira, amathamangira kwa asing'anga ndi ogulitsa mankhwala a m'mabotolo olonjeza kutsuka chiwindi, mpaka kukatenga katapila. Zitsamba zina zimawononga chiwindi chimene chatsalacho.

Zinthu zimene zimapatsadi wodwala mpumulo n'zotsika mtengo. Morphine wamadzi, mankhwala othetsa ululu waukulu, amaperekedwa kwaulere m'zipatala za boma zosamalira odwala matenda osachiritsika, monga ku Tiyanjane ku Queen Elizabeth. Ku Salima kuli malo osamalira odwala oterewa otchedwa Ndi Moyo. Morphineyu amamwedwa motsata nthawi, kawirikawiri maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere, ndipo chiwindi chikafooka kwambiri achipatala amachepetsa mlingo kapena kutalikitsa nthawiyo. Cholakwika chofala ndi kumwa morphine popanda mankhwala ofewetsa chimbudzi. Kwa munthu wa chiwindi chodwala kudzimbidwa si nkhani yaing'ono: poizoni wa m'matumbo amalowa m'magazi n'kufika ku ubongo, wodwala amayamba kugona masana n'kuchezera usiku, kusokoneza mawu, ndipo akatambasula manja, zikhatho zimagwedera ngati mapiko. Achibale amaganiza kuti walodzedwa. Mankhwala a lactulose, omwedwa mpaka wodwala azichita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku, nthawi zambiri amamubweza m'maganizo.

Brufen, diclofenac ndi aspirin za pagolosale n'zoopsa, chifukwa zimayambitsa kutaya magazi m'mimba ndi kuwononga impso. Panado asapitirire magalamu 2 pa tsiku, ndiwo mapiritsi anayi a 500 mg. Wodwala akasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati phula, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mimba ikadzaza madzi, kupuma kumavuta ndipo chakudya sichilowa. Kuchipatala amatha kuchotsa madziwo ndi singano, koma amabwereranso, choncho ndi bwino kufunsa ngati chipatala cha m'boma lanu chingamachite zimenezi, kupewa ulendo wa kutauni. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'usipa wouma womwe. Musamumane mazira, nyemba kapena nsomba poopa chiwindi. Thupi lake likudya kale minofu yake. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ndi kaphala asanagone.

Thiransipoti ina isungidwire amoyo a m'nyumbamo. Mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi abale a bere limodzi akayezetse hepatitis B, makamaka obadwa chisanafike chaka cha 2002, pamene katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana. Wopezeka ndi kachilomboka angapatsidwe mankhwala a tenofovir ngati akufunikira, ndipo amene chiwindi chake chayamba kuuma ajambulidwe miyezi 6 iliyonse. Mtedza ndi chimanga chachuku zili ndi poizoni wa aflatoxin amene amakuza ngozi ya khansayi kwambiri mwa munthu wa hepatitis B, choncho mtedza wofota, wowawa kapena wothiridwa madzi pouswa usalowe mu nsinjiro.