Lachiwiri ku Ulónguè, Mozambique: tsiku loyeza lar ophunzira awiri asanafike

Mvula inagwa usiku wonse, ndiye m'mawa pabwalo la nyumba yogona ophunzira, imene kuno timati lar, panali matope okhaokha. Zinatithandiza, chifukwa matope amaulula msanga pamene njinga ya olumala ingatitimire. Chaka cha maphunziro chikayamba, m'nyumbayi mudzalowa mtsikana woyenda pa njinga ndi mnyamata wosaona amene akubwera ndi galu womutsogolera. Ntchito ya lero inali kuyeza zonse iwo asanafike, tepi m'manja.

Tinayambira pakhomo lalikulu. Pali masitepe awiri, lililonse masentimita 17, kutanthauza kuti chikweza chonse ndi 34. Pambali pake wina anathirapo kale rampa (njira yotsetsereka yokwererapo njinga) yotalika mita imodzi ndi theka, ndipo eni nyumba amaiona ngati nkhani yatha. Rampa imeneyo ndi msampha. Muyezo wake ndi wakuti pa sentimita imodzi yokwera, rampa italike masentimita 12, choncho pano pakufunika mamita 4 ndi masentimita 8. Ikafupika, mawilo aang'ono akutsogolo amanyamuka pokwera ndipo munthu amagwa chagada, pomwe potsika manja sakwanitsa kugwira liwiro. Mulifupi ikhale masentimita 120, m'mbali mukhale kamzere kokwera koletsa wilo kuphonya, ndi chitsulo chogwirira pa masentimita 90. Pamwamba pafunika malo athyathyathya a masentimita 150 uku ndi uku, poti chitseko cha apa chimatsegukira kunja ndipo chingamukankhire munthu kumbuyo. Mmisiri anafuna kusalaza simenti kuti iwale. Tinamupempha kuti aikwakwaze ndi tsache isanaume, chifukwa simenti yosalala ikanyowa imaterera ngati therere.

Kubafa n'kumene tinakhalitsa. Chitseko chake ndi cha masentimita 70, koma chikatseguka mpata weniweni umatsala 65, pamene njinga zambiri za akulu zimafika pomwepo kapena kupitirira, osawerengera zala zimene zikupalasa mawilo. Mpata usachepere 80, ndiye felemu yonse ichoke. Chitseko chatsopano chizitsegukira kunja: munthu akagwa mkati, thupi lake limatsekereza chitseko chotsegukira mkati, omuthandiza n'kumangogogoda. Mpando wa chimbudzi ukhale pakati pa masentimita 45 ndi 50 kuti ufanane ndi mpando wa njinga, ndipo pambali pake pasiyidwe malo oimikapo njingayo. Zitsulo zogwirira zimafuna khoma lolimba. Khoma la apa ndi la mabuloko obowoka mkati, ndipo sikuluwu yongolowetsa imazuka munthu akaikapo thupi lonse, choncho pamalopo athiremo konkireti kapena aboole bawuti mpaka tsidya lina. Chitsulo chopachikapo thaulo sichingalowe m'malo mwake ngakhale pang'ono.

Zonsezi si chifundo cha eni nyumba. Chikalata cha boma la Mozambique chotchedwa Decreto 53/2008 chinaika kale malamulo oti nyumba zofikamo anthu onse zikhale zofikirika kwa anthu aulumali, ndipo mu 2012 Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wawo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wogwira tepi mmisiri asanasakanize simenti.

Masana nkhani inatembenukira kwa galu. Mlonda, bambo wachikulire waulemu wake, anafunsa mosabisa: "Pepani bambo, galu n'kugona m'chipinda cha anthu? Kwathu galu amagona pakhonde." Funso lake ndi lomveka, chifukwa agalu otere kuno ndi osowa. Anzathu osaona ambiri amayenda ndi ndodo yoyera, ndipo malo odziwika ophunzitsira agaluwa m'chigawo chino cha Africa ali kutali ku Johannesburg, ku South African Guide-Dogs Association imene inayamba mu 1953. Tinawayankha kuti: "Agogo, ameneyu si galu wolondera. Ndi maso a mwanayo. Mukamugoneka kunja, usiku mwanayo adzatuluka bwanji moto utabuka?" Anagwedeza mutu, kenako iwo omwe anatisonyeza pamene mpanda unabooka, polowera agalu oyendayenda. Pamenepo ndi poyamba kutseka, chifukwa galu wotsogolera akalumidwa ali pantchito amatha kuchita mantha osagwiranso ntchito, ndipo chiwewe kuno chilipo.

Oyang'anira lar afunse mapepala awiri okha, khadi la katemera, makamaka wa chiwewe, ndi chikalata cha kumene galu anaphunzitsidwa. Mbiri ya matenda a wophunzira si yawo. Chipinda chikhale chapansi, pafupi ndi khomo lotulukira, pakona pakhale mpata wa mphasa ya galu wa makilogalamu 30 ndi mbale ya madzi yosagubuduzika. Kuseri tinasankha kamalo ka mamita awiri uku ndi uku kothira miyala ing'onoing'ono, kodzithandizirapo galuyo, ndi chidebe chovundikira pafupi. Mwini wake amatola yekha zonyansazo, bola malowo asamasinthesinthe. Udzu wozungulira uzitchetchedwa, poti nthawi ya dzinja nkhupakupa zimachuluka ndipo zimabweretsa matenda ofooketsa galu.

Choopsa kwambiri tinachipeza kukhitchini. Pansi pa shelefu panali mankhwala a makoswe osakaniza ndi nsima, zimene Labrador, galu wosusuka chibadwire, angameze musanaphethire. Achoke, m'malo mwake muikidwe misampha yotsekeka. Ophunzira ena auzidwenso tsiku loyamba lomwe kuti galu akavala zomangira zake zokhala ndi chogwirira ali pantchito: asamuitane, asamuimbire likhweru, asamusisite, asamuponyere mafupa a nkhuku. Akacheukira fupa pamsewu, wovulala ndi mwini wake.

Za wogona naye chipinda chimodzi zikambidwe mayina asanapachikidwe. Ena ubweya wa galu umawayetsemulitsa kapena kuwatsekereza chifuwa, ena amaopa, ena chipembedzo chawo sichilola kukhala pafupi ndi galu. Zifukwa zonsezi n'zoona ndipo zilemekezedwe, koma wosamuka akhale winayo, chifukwa wosaona akaloweza njira ya kubafa ndi ya kukalasi, kumusuntha n'kumuyambitsanso pachiyambi.

Chakumadzulo tinayenda m'khonde lonse titatambasula dzanja pa msinkhu wa nkhope. Ndodo yoyera imapeza chidebe kapena mbaula yosiyidwa pansi, koma siipeza chingwe choyanikapo zovala kapena zenera lotsegukira m'njira. Tinawerenga zingwe zitatu ndi mazenera awiri otere. Zingwe zinamasulidwa pompo, mazenera akudikira kalipentala. Manambala a zitseko adzalembedwa otukuka ndiponso m'zilembo za Braille zimene osaona amawerenga ndi zala, pakhoma cha kumbali ya chogwirira. Mmisiri wanena kuti rampa yakale aigumula Lachinayi mvula ikalola, ndipo yatsopano isapondedwe ndi njinga mpaka patatha masiku 7 akuithirira madzi.