Ku Lanzarote ndi ana: kirediti kadi ikhale m'dzina la woyendetsa

Tabwerako dzana, koma mpaka pano mtima sunakhale m'malo ndikakumbukira mnyamata wa pa kauntala ya magalimoto obwereka uja. Za viza sindichulutsa. Lanzarote ndi chilumba cha Spain, ndiye ife a pasipoti ya Malawi okhala kuno ku UK timafunika ya Schengen, mayuro 90 munthu wamkulu. Yambani msanga, basi.

Nkhani inavuta pa bwalo la ndege ku Arrecife. Galimoto ndinali nditalipiriratu pa intaneti. Tikufika, ana atatheratu ndi maola anayi a m'ndege, iye akuti ndimupatse kirediti kadi ya dzina la woyendetsa kuti atsekerepo ndalama ya chikole. Ine ndili ndi debiti kadi. Kirediti kadi ndi ya mayi a kunyumba, ndipo iwo alibe laisensi. Ndinachonderera, ndinamuonetsa ndalama za m'akaunti pa foni, ayi ndithu. Mapeto ake, kuti atipatse galimoto, ndinagula inshuwalansi yawo yodula, n'kuwonjezanso ndalama yobwerekera mpando wa mwana, yolipira tsiku lililonse. Mpando wathu tinausiya ku Leicester uli bwinobwino! Mayi anangoti, "Abambo, paja ndinati muwerenge timalemba ting'onoting'ono tija." Sindinayankhe.

Kumayendetsa kumanja, ndiye pa raundabauti yoyamba dzanja langa linkafunafuna giya pachitseko.

Ku Timanfaya, paki ya mapiri ophulika moto, pitani m'mamawa. Ife tinafika cha m'ma 11 koloko, tinafola pamzere wa magalimoto, dzuwa likuswa mtengo, kumene kulibe ndi mtengo womwe. Galimoto mumaisiya, mumakwera basi yawo yozungulira mapiri, ndipo kutsika saloleza. Mapiriwa anaphulika kuyambira 1730 mpaka 1736, midzi n'kukwiririka, ndipo pansi pakadali moto. Bambo wina anathira madzi m'paipi yolowa m'nthaka, posakhalitsa nthunzi inatuluka ndi mkokomo, wamng'ono wathu n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. Pa lesitilanti ya El Diablo amawotcha nkhuku pa dzenje, opanda makala kapena nkhuni.

Ndaiwala: musanachoke nayo galimoto, ijambuleni paliponse ndi foni, matayala omwe. Timiyala takuda ta kumeneko timakanda penti, ndipo pobweza amayang'ana ngati akusankha mpunga.

Kuchoka apo tinatsikira kunyanja. Ku Los Hervideros mafunde amalowa m'mapanga a miyala yakuda n'kumachita thovu ngati mphika wa phala. Agwireni dzanja ana, mphepo yake si yamasewera. Ku El Golfo kuli dziwe lobiriwira pafupi ndi mchenga wakuda, mumangoliona muli pamwamba. Pobwerera tinadzera ku La Geria, kumene mpesa uliwonse amaudzala m'dzenje lakelake m'phulusa, n'kuutchingira mphepo ndi kampanda ka miyala. Ndinaimitsa galimoto kuti ndione bwino, ana ali mtulo.

Koma kadi ija. Ikhale kirediti, dzina la woyendetsa. Ndalama ya inshuwalansi ija ndi imene tinasungira ana kuti akwere ngamila.