Mmene ndimakonzekerera chaka cha ana a sukulu ya mkaka

Ndimaphunzitsa ana a zaka 3 mpaka 5 pa sukulu ina ya mkaka ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, imodzi mwa sukulu zimene boma limazitcha za mmera mpoyamba. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, chimakhala ndi materemu atatu, ndipo chimatha mu Julayi. Koma kwa ine ntchito imayamba pakati pa Ogasiti, kutatsala masabata atatu kuti ana abwere, chifukwa ndinaona kuti chinthu chimene sindinakonze nthawi imeneyi sindichipezeranso mpata ana akadzaza m'chipinda.

Ndimayamba ndi kaundula. Kholo lililonse ndimalipempha kuti libwere lokha, litatenga buku la kusikelo la mwana, ndipo timakhala pansi kwa mphindi zingapo. M'bukumo ndimaona tsiku lobadwa komanso ngati mwanayo analandira katemera yense, ndipo kenako ndimafunsa zimene sizilembedwa kawirikawiri: ngati pali chakudya chimene chimamuwenga, ngati amatha kunena akafuna kupita kuchimbudzi, ndiponso amene azidzabwera kudzamutenga poweruka. Funso lomalizali ndimalilemba ndi inki yofiira, popeza m'tauni muno si zachilendo kuti munthu amene simunamuonepo afike pageti n'kunena kuti ndi amalume a mwana. Zaka zimandithandiza kugawa ana m'magulu awiri, aang'ono a zaka 3 ndi okulirapo amene akuyandikira zaka 6, zomwe ndi zoyambira Sitandade 1.

Kaundula akatha ndimatenga pepala lalikulu, n'kulemba miyezi yonse kuyambira Seputembala mpaka Julayi, ndipo pa mwezi uliwonse ndimalembapo mutu wa phunziro pamodzi ndi zipangizo zimene udzafune. Apa ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa mitu yanga imatsatira nyengo. Mu Seputembala timaphunzira za thupi lathu ndi banja lathu. Mu Novembala ndi Disembala, mvula ikayamba, timadzala nyemba m'zitini n'kumaziyang'ana tsiku ndi tsiku. Mu Epulo ndi Meyi timakamba zokolola. Kalendala yotereyi imandikumbutsa kuti chipangizo chilichonse chili ndi nthawi yake yopezekera. Zitsononkho ndi makoko a chimanga ndiyenera kuzisunga mu Juni anthu akamatonola, chifukwa pofika Seputembala amakhala atazisonkhezera moto. Dongo ndimakalikumba kudambo dzinja lisanafike, n'kulisunga m'ndowa yovundikira ndi thumba lonyowa. Malambe ndimawagula kumsika m'chilimwe akadali ambiri.

Chaka changa choyamba ndinawononga ndalama zambiri pogula matchati osindikiza m'masitolo a m'tauni. Khoma linakongola ndithu, koma ana ankangowayang'ana tsiku loyamba n'kuwaiwala, pamene mulu wa zitsekerero za mabotolo umene mnzanga wina wa ntchito anabweretsa ankaulimbirana mpaka teremu inatha. Kuyambira pamenepo ndalama zochepa zimene komiti ya makolo imapereka ndimagulira zinthu zimene sitingapange tokha, monga masizasi osasongoka, makrayoni akuluakulu ndi sopo, ndipo zina zonse ndimazitolera.

Sabata yachiwiri ndi yotolera imeneyo. Ndimapita kwa atelala a pafupi ndi msika wathu, ndipo wina mwa iwo, bambo wachikulire, anazolowera kale. Ndikangofika amati, "Aphunzitsi, zigamba zanu zija ndakusungirani," ndipo ine ndimathokoza n'kuwapempha kuti akapeza mabatani akuluakulu asataye. Kumagolosale ndimapempha makatoni, kumalo ogulitsira zakumwa ndimatola zitsekerero zapulasitiki. Zachitsulo zija sinditenga chifukwa zimachita dzimbiri ndipo m'mphepete mwake mumacheka. Zonse ndimazitsuka ndi sopo, kuziyanika padzuwa tsiku lathunthu, kenako kuziika m'makatoni olembedwa dzina la mwezi umene zidzagwire ntchito.

Guluu sindigula. Ndimasungunula masupuni awiri a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, n'kuphika pamoto wochepa ndikutakasa mpaka zitalimba ngati phala losalala. Amamata bwino pepala, nsalu ndi mchenga, ndipo mwana akamunyambita palibe chodetsa nkhawa, koma amasasa pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho ndimaphika wochepa wokwanira ntchito ya tsikulo. Utoto nawo umachokera kukhitchini. Chidede chowiritsa chimapereka wofiira, chikasu chimapereka wachikasu, makala osinja amapereka wakuda, ndipo nkhwani wosinja n'kufinya amapereka wobiriwira, ngakhale kuti wobiriwirayu amafwifwa msanga. Ndikathiramo guluu pang'ono, utotowo umagwira pakatoni osayoyoka. Burashi ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga kapena nthenga ya nkhuku.

Pa ntchito zamanja zonse, imene ndimaikonda kwambiri ndi ya manambala amchenga. Ndimadula katoni m'zidutswa zazikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, n'kulembapo manambala kuyambira 1 mpaka 10, ndipo mwana amatsatira mzerewo ndi chala choviika m'guluu, kenako amawazapo mchenga wosefa. Zikauma, nambala ija imakhala yokhakhala, moti mwana amatha kuisisita atatsinzina n'kuitchula. Pambali pake amaikapo zitsekerero zokwana nambalayo. Ndaona ana amene ankangoloweza manambala ngati nyimbo akuyamba kuzindikira kuti 4 ndi zinthu zinayi zenizeni, ndipo dzanja lawo limakhala litazolowera kale njira ya nambalayo asanagwire pensulo. Makolo ena amafuna kuona makope odzaza ndi zolemba sabata yoyamba yomwe, ndipo ndimawafotokozera mofatsa kuti zala za mwana wa zaka 3 zimayamba zalimba pokanda dongo, pong'amba mapepala ndi potunga zinthu pachingwe.

Zidole timapanga ndi zitsononkho: chigamba cha chitenje chimakhala diresi, makoko amakhala manja, maso timajambula ndi khala. Maseche timapanga ndi zigoba za malambe, kuboola pang'ono, kuthiramo timiyala, n'kutseka ndi nsalu yomata. Ndi dongo sindiuza ana choti aumbe, ndipo mpaka lero ng'ombe ndi minibasi ndizo zimachuluka.

Pali phunziro limodzi limene ndinalipeza movutikira. Tsiku lina tikumata nthanga za bwemba papepala, mwana wa gulu laling'ono analowetsa nthanga m'mphuno, ndipo tinathamangira naye kuchipatala chapafupi kumene anaichotsa. Mayi ake sanandikalipire, koma mantha amene ndinaona pankhope pawo sindinawaiwale. Chichitikireni zimenezo, nthanga, mikanda ndi nyemba ndi za gulu lalikulu lokha, ndipo ndimaziwerenga potulutsa ndi pobweza. Aang'ono amagwira zitsononkho, timatabwa tosalala ndi mipira yansanza.

Sabata yomaliza ndi yokonza chipinda. Ndimayala mphasa pakati pochitira bwalo la m'mawa, ndipo m'mbali ndimapanga ngodya zinayi: ya nthano ndi zithunzi, yomanga, ya masanje, ndi ya zaluso, yomwe imakhala pafupi ndi khomo kuti madzi otsukira m'manja asakhale patali. Chilichonse chopachika pakhoma ndimachipachika nditagwada, kuti chikhale pamlingo wa maso a mwana, ndipo theka la khoma ndimalisiya lopanda kanthu, kudikira ntchito za anawo. Pamsomali uliwonse wopachikapo chikwama ndimamatapo dzina la mwana ndi chithunzi chake chomuzindikiritsa, wina nsomba, wina nthochi, wina njinga, chifukwa chithunzicho amachidziwa tsiku lomwelo pamene dzina adzaliwerenga patapita miyezi.

Panja timakonza mpondagiya wosambira m'manja pafupi ndi chimbudzi ndi wina pafupi ndi pophikira phala. Amene anali m'ntchitoyi mu Januwale 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera, sangatenge kusamba m'manja ngati nkhani yaing'ono. Ndi komiti timagwirizana za ufa wa likuni phala, nkhuni, ndi ndandanda ya amayi ophika, ndipo ndandandayo timaipachika pakhomo kuti aliyense aone tsiku lake.

Tsiku lotsegulira sukulu, makatoni onse aja amakhala otseka. Ana ambiri atsopano amalira, ena amakakamira chitenje cha mayi awo mpaka pakhomo, ndipo si tsiku lophunzitsa chilichonse. Timaimba, timaonetsana chimbudzi ndi mpondagiya, timamwa phala. Ntchito yamanja imakhala imodzi yokha: mwana aliyense amaviika chikhatho m'utoto wa chidede n'kudinda pakatoni, ine n'kulemba dzina lake ndi deti pansi pake. Makatoniwo ndimawasunga m'kabati mpaka Julayi, pamene timadzadindanso chikhatho chomwecho pambali pake, kholo lililonse n'kutenga la mwana wake popita kunyumba.