Mpando wa eni ake ku Dorchester

Mpandowo unali wa pulasitiki, woyera, ngati ija timabwereka pa maliro kapena pa chinkhoswe. Unali wokhawokha pakati pa malo oimikapo galimoto okumbidwa bwino mpaka phula kuonekera, uku ndi uku milu ya sinowo yolekeza m'chiuno. Apa n'kuti nditazungulira misewu ya ku Dorchester, dera la mumzinda wa Boston ku America, kwa theka la ola, kutada, zala zitauma. Ndinatsika, n'kuunyamula, n'kuukhazika bwinobwino pamwamba pa mulu kuti mwiniwake asavutike kuupeza. Kenako ndinalowetsa galimoto ya alamu. Mumtima ndinkati azungu n'ngowononga, mpando wabwinobwino kuutaya pamsewu.

Ndinafika ku Boston pakati pa Januwale 2022 kudzacheza kwa achemwali anga. Ulendowu unali wa Khirisimasi, koma kumapeto kwa Novembala boma la America linatsekera anthu ochokera ku Malawi ndi maiko ena oyandikana nafe chifukwa cha Omicron, mtundu wa COVID-19, n'kudzatsegula pa 31 Disembala. Za m'njira palibe chonena: Lilongwe, Addis Ababa, Washington, msana kuwawa. Chokhacho chimene ndingakutsineni khutu n'chakuti mukatera pa bwalo la ndege la Logan musathamangire takisi. Basi ya SL1 yochoka pa bwalo la ndege kupita ku South Station ndi yaulere, ndipo mukalowa sitima ya Red Line pomwepo simulipiranso. Masiku ena onse sitimayo inali madola 2.40 ulendo umodzi.

Loweruka pa 29 Januwale kunagwa sinowo tsiku lonse, ndi chimphepo chokankha mazenera. M'Baibulo timawerenga za chipale chofewa, koma amene anamasulira mawuwo sanagwirepo fosholo. Pogwa n'chofewadi. Chikagona usiku umodzi, ndiye chigalimoto chopala msewu n'kudutsa chikukankhira zonse m'mbali, chimalimba ngati chulu cha mu Okutobala. Tsiku limenelo lokha anayeza mainchesi 23.6, pafupifupi masentimita 60. Ine ndinali pa zenera ndi foni, kujambula ngati mwana. Pa WhatsApp ya kumudzi nkhani inali ina: namondwe Ana anali atangodutsa sabata yomweyo, Chikwawa ndi Nsanje zili m'madzi, Kapichira itawonongeka, magetsi kulibe. Zithunzi zanga sindinatumize.

Lamlungu m'mawa alamu anandipatsa fosholo. Galimoto yawo sitinaione, tinangoona galasi la m'mbali litasuzumira. Tinakumba maola awiri ndi theka. Vuto si kukumba kokha, vuto n'kotaya. Kuponya mumsewu n'kolakwira lamulo, kuponya m'njira ya oyenda pansi n'kolakwanso, poti eni nyumba amayenera kuilambula pasanathe maola atatu sinowo atasiya kugwa, apo ayi chindapusa. Ndiye fosholo iliyonse umayenda nayo masitepe angapo n'kuiponya pamwamba pa mulu umene ukungotalikirabe. Ndinatuluka thukuta mkati mwa majekete awiri, mphuno ili gwa. Ndalimapo mizere kwathu, koma khasu limakusiyako ndi msana.

Lolemba madzulo onse anali ku ntchito. Ndinati ndiwadabwitse, ndikagule ufa ndi nsomba ndiphike. Pakhomo panali atatsamiritsa tebulo lakale lositirapo zovala, lothyoka mwendo. Ndinalilambalala. Pobwerera ndinapeza pamalo pathu, pa thukuta langa lenileni, paima chigalimoto chakuda cha munthu wina. Apo m'pamene ndinayamba kuzungulira. Ndinaona zodabwitsa zambiri m'mbali mwa msewu: mabini, makoni a m'misewu, njinga ya mwana, fani yakufa, kireti ya mkaka, ngakhale chimbudzi chadothi. Mutu wanga sunagwire kuti zinthuzi zikulankhula.

M'mawa mwake alamu anatuluka kukafuna galimoto, n'kubwerera atagwira kapepala.

"Alamu, dzulo munaimika pati?"

"Kuseri uku, pafupi ndi kagolosale kaja. Malo abwino zedi."

"Panali chiyani pamalopo?"

"Panalibe kanthu. Kampando basi."

Achemwali anaika kapu pansi. "Iwe! Unachotsa mpando?"

Tinapita tonse atatu. Galimoto inali itakwiriridwanso, mwadala, ndi manja a munthu. Sinowo anamuunjika pa matayala, pa zitseko, pa boneti, n'kumutsendera. Galasi lakutsogolo lokha ndiye analisiya, kuti kapepala ka pa waipa kaoneke. Mawu ake anali ochepa: "Sunakumbe iwe pano." Mpando uja unali utakhazikidwa padenga la galimoto.

Alamu anazungulira akuyang'ana matayala ndi penti, kenako anapumira m'mwamba. Akuti tinali ndi mwayi. Ena amapeza matayala atabooledwa, ena atakalidwa ndi kiyi, ena atathiridwa madzi kuti zitseko ziume. Achemwali anangoti safunsa anadya phula, ndipo lero wadya phula la ku Boston.

Mwambo wake uli chonchi. Ukakumba malo pamsewu, umasiyapo chinthu pochoka, ndipo aliyense amadziwa kuti pali mwini. Eni ake amati space saver. Msewu ndi wa boma, inde, koma mzinda wa Boston unagonja n'kuika malire: chizindikiro chako chikhoza kukhala pokhapokha meya atalengeza kuti kuli ngozi ya sinowo, ndipo akalengeza kuti yatha uli ndi maola 48. Akakwana, otola zinyalala ali ndi ufulu wonyamula. Malirewa anabwera nthawi ya Meya Thomas Menino, amene analamulira kuyambira 1993 mpaka 2014, ndipo a ku South Boston, kuchimake kwa mwambowu, anakana kwamtuwagalu, khansala wawo James Kelly ali patsogolo. Ku South End ndi ku Bay Village n'zoletsedweratu. Ine ndinachotsa mpando maola 48 asanathe, ndiye ngakhale kwa Meya Michelle Wu ndikanapita, mlandu ukanandigwera.

Si Boston yokha. Ku Chicago amati dibs, ku Pittsburgh mpando woterewu ndi chinthu chonyadira, ku Philadelphia apolisi amachita kulengeza chaka ndi chaka kuti n'zosaloledwa koma anthu osamva. Alamu amati chaka choipitsitsa chinali 2015, pamene kunagwa sinowo woposa mainchesi 108 m'nyengo imodzi, ndipo chimulu chomwe anaunjika kufupi ndi doko chinadzatha kusungunuka mu Julayi. Akuti chaka chimenecho anthu oyandikana nyumba anasiyana Chichewa chifukwa cha mipando.

Kunena zoona, nditakhala pansi sindinadabwe kwenikweni. Pa mjigo timasiya ndowa pamzere n'kupita kukasesa. Pa mzere wa petulo chigubu chimagona m'malo mwa munthu. Woswa mphanje ndiye mwini munda. Chimene chinandinyansa n'chakuti mwambowu uli ndi chilango koma ulibe bwalo. Palibe mfumu, palibe nkhoswe, palibe wokufunsa ngati unadziwa. Amakuweruza usiku uli mtulo. Komanso ndinaona ndi maso anga anthu akuika bini pamalo amene wina anakumba n'kuiwala kusiya chizindikiro, ena akusunga malo tsiku lonse ali ku ntchito pamene namwino wodzaona wodwala akuzungulira osowa poima. Thukuta la maola awiri ligule msewu kwa masiku angati? Ena mpaka sabata mpando ukadali pompo, sinowo atasanduka matope.

Komatu zonsezi ndinkaziganiza ndikukumba galimoto kachiwiri, ndekha, poti alamu anakwera sitima kupita ku ntchito.

Ndili mkati mokumba, chitseko cha nyumba yoyang'anizana ndi malowo chinatseguka. Anatuluka mayi wachikulire, wamfupi, atafunda chibulangete pamwamba pa yunifolomu. Anaima pakhonde osalankhula. Ndinavula chipewa, kuzizira konseko, n'kunena kuti mayi, ndine ndinachotsa mpando wanu, ndine mlendo, sindinadziwe, pepani. Ndinazindikira mochedwa kuti ndapinda maondo pang'ono ngati ndili kwa apongozi.

Anandiyang'ana kuyambira nsapato. Anati amasamalira okalamba, amaweruka 11 koloko usiku. Malowo anakumba okha Lamlungu, kupumira kanayi chifukwa cha bondo. Usikuwo atapeza galimoto yachilendo anakaimika misewu isanu kutali, n'kuyenda pansi pa ayezi. Anati kukwirira galimotoyo sanachite ndi iwo. Sindinafunse kuti anachita ndani. Makatani a nyumba ziwiri zoyandikana anagwedezeka.

Anandifunsa kwathu. Nditati Malawi anati iwo kwawo ndi ku Cabo Verde, chilumba cha Fogo, ndipo chaka chawo choyamba ku Boston nawonso analira. Kenako anati, "Ukamaliza apo, masitepe angawa ali ndi ayezi."

Ndinachotsa galimoto, n'kubwezera mpando pakatikati pa malo, pomwe ndinaupeza. Ndinagoba masitepe, n'kuwaza mchere wa m'thumba lomwe linali pakhonde, n'kulambulanso njira mpaka pageti. Mcherewo, mukadzapita, gulani msanga. Thumba ndinaliona pa madola 10 ndi kanthu, koma sinowo akangolengezedwa m'sitolo mumatsala mashelefu okhaokha, mafosholo omwe. Ndipo magolovesi a ubweya n'ngachabe, amanyowa. Ndinaphunzira ndi zala zanga.

Nditamaliza anandiitanira kukhitchini. Anandipakulira mbale ya cachupa, chakudya cha kwawo: chimanga chokonola chophika pamodzi ndi nyemba, kabichi ndi nyama ya nkhumba, chogonera dzulo n'kuchikazinganso ndi anyezi, dzira pamwamba. Nditalawa ndinangoti mphale iyi. Anandiuza kuti ndibwereze mawuwo, n'kuwayesera kawiri, n'kuseka. Za mpando sitinazitchulenso. Anandifunsa ngati kwathu chimanga timalima ndi mvula yokha, nditavomera anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa chilala.

Chigalimoto chakuda chija chinakhala pamalo pathu masiku atatu. Alamu anakana kulembapo kapepala, akuti wolakwa ndi amene analambalala tebulo lositira. Tinakumba malo ena kumapeto kwa msewu, pafupi ndi mpopi wa ozimitsa moto koma motalikirako ndithu, poti kuima pafupi nawo amakukoka ndi galimoto yomwe. Lachinayi achemwali anandituma mkaka. Maola 48 anali atatha kalekale, ndinkadziwa. Ndinatulutsa galimoto, n'kuima pakati pa msewu, n'kuthamangira pakhomo kukatenga tebulo lija. Ndinaliimika pamalopo, mwendo wothyokawo n'kuuchirikiza ndi chibuma cha sinowo kuti mphepo isaligwetse.