Za mbedza zanga: masabata 6 a holide, kuchoka ku Likangala kukathera ku Kachulu

Kope langa likuti chitsekereni sukulu ndapita kokawedza maulendo 14. Maulendo 5 ndinabwerako chimanjamanja, ndipo ulendo umodzi mbedza inakola chala changa m'malo mwa nsomba. Kwatsala masabata awiri kuti titsegulire, ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika zinthu zisanasokonekere m'mutu.

Zida ndi zomwe zija: nsungwi ziwiri, twaini, mbedza za mumsika wa Zomba, kachidutswa ka patapata koyandama kondiuza kuti nsomba yadya, ndi nati yakale ya njinga yomiza nyambo. Chomwe chasintha ndi malo.

Masabata awiri oyamba ndinawataya ku mtsinje wa Likangala, chakufupi ndi tauni ya Zomba, chifukwa choti ndi pafupi ndi kwathu basi. Munthu ukaona madzi umangoti muli nsomba. Koma pamenepo madzi ndi akuda, zinyalala zimatsikira momwemo, kumtunda amayi akuchapa, kumunsi anyamata akukumba mchenga. Ndinapha timatemba tingapo ndi nkhanu imodzi yomwe inakana kusiya nyongolotsi. Inalinso nthawi yozizira, moti ndinkafika mbandakucha mano akugundana, n'kukhala pamwala mpaka dzuwa kufika paliwombo popanda chogwedeza twaini.

Mnzanga wina anati tikwere kuphiri, ku damu la Mulunguzi. Kukongola kokha sinditsutsa. Koma nsomba yotchuka kuphiriko ndi trout, yomwe anabwera nayo atsamunda, ndipo imafuna chilolezo, ndodo yakeyake ndi nyambo yochita kupanga ngati kachilombo kouluka. Ine ndi nsungwi yanga tinangodya kamba wathu n'kutsika.

Ndalama zoyendera zitatha, amalume anandipezera ganyu kwa mlimi wina wa ku Domasi amene ali ndi madamu atatu a nsomba. Ku Domasi kuli malo a boma oswetsera nsomba, komwe alimi amakatenga mbewu, ndiye madamu sasowa m'derali. Ntchito yanga inali kumwaza madeya m'mawa ndi madzulo, kuthira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, kutchetcha m'mbali, kuthamangitsa mbalame ndi kuyang'ana mapazi a katumbu ndi ng'anzi. Tsiku loyamba bambowo ataona nsungwi yanga anangoti, "Iyo uziisiya pa geti." Ndinakhumudwa, sindinama.

Komatu m'masabata awiri amenewo, osaponya mbedza ngakhale kamodzi, ndi momwe ndinayamba kuziona nsomba. Kukazizira makumba sabwera pamwamba m'mamawa. Umamwaza madeya, amangoyandama okha, mpaka dzuwa litenthe madzi cha m'ma 9 koloko ndi pomwe damu limayamba kuwira. Ndiye kuti kulawirira konse kuja ku Likangala ndinkangodzizunza. Chilunguni, nsomba inanso ya m'madamumo, chimakonda masamba: ukaponya masamba a chinangwa kapena a mbatata, pobwerako umapeza mitsitsi yokhayokha. Ndipo tsiku lokolola damu limodzi ndinagwira makumba aakazi, n'kulavulira m'manja mwanga tiana tosawerengeka. Amasungira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo nthawi imeneyo sadya, kaya nyambo yako ikome bwanji. Izi zili m'buku la sayansi, ndinalembapo mayeso, koma sindinazigwirizanitsepo ndi mbedza yanga.

Malipiro anali ochepa, anachedwa, ndipo theka anandipatsa nsomba. Kunyumba anasangalala nazo kuposa ine.

Ndi tindalama timeneto ndinapita ku Kachulu, doko la nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu tauni, msewu wake wafumbi lokhalokha. Ndinakhalako masiku 10, ndikugona kwa mnzanga wa kusekondale. Mayi wina wa geni ya nsomba anandilemba kuti ndizitumbula ndi kuwamba milamba, ndiponso kutembenuza matemba padzuwa. Amene akuganiza kuti ganyu ya kunyanja ndi kukwera bwato ndi kujambulitsa zithunzi za pa Facebook aiwale. Ndi utsi m'maso kuyambira m'mawa, ntchentche, ndi fungo lomwe mpaka lero lakana kuchoka m'jekete langa.

Pafupi ndi pomwe tinkawambira pankakhala agogo ena osoka matchera. Tsiku lachitatu, nditamaliza ntchito cha kumasana, ndinatenga nsungwi yanga kulowera kumadzi.

"Mwana wasukulu, imeneyo ukufuna ukaphe nayo chiyani?"

"Mlamba, agogo."

"Dzuwa lili pamenepa? Mlamba ndi mfiti, umayenda usiku. Bwera kuno undigwirire chingwechi."

Ndinawagwirira chingwe masiku awiri asanatchulenso za nsomba. Lachisanu madzulo anangoti nditenge mbedza zanga zonse tikwere bwato. Pa Chilwa sapalasa kwenikweni, amakankha ndi nsungwi yaitali, chifukwa nyanjayi ndi yosazama, malo ambiri nsungwiyo imagunda pansi. Tinadutsa zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amagonamo masabata osaponda kumtunda, n'kulowa m'timipita ta mu njedza. Kwa ine njedza zonse zinali zofanana. Iwo ankaima n'kuloza: apa pali mpata pomwe nsomba zimadutsa, apa matope avunduka, apo taona thovu. Kenako anati ndikhale chete. Patapita kanthawi ndinamva kuti phwa, ngati munthu watsegula botolo. Ndi mlamba umenewo, umatulutsa mutu kudzameza mpweya. Chibadwire ndakhala ndikumva phokoso limeneli m'madambo ndikumati ndi achule.

Anandiphunzitsa chomanga. Umadula twaini wamfupi, mbedza kumapeto, n'kumangirira ku njedza yolimba kuti nyambo ilendewere pafupi ndi pansi, n'kupita kukagona. Nyambo tinaika timatemba todula ndi matumbo a nsomba omwe ndinatola kuntchito. Tinamanga mbedza 20. M'mawa tinapeza milamba 4, umodzi wautali kuchoka pachigongono kufika kunsonga za zala, ndipo mbedza 3 zinali zitaduka chifukwa cha mfundo zanga. Agogo sanalankhule, anangomanganso imodzi pang'onopang'ono ine ndikuona. Waukuluwo ndinaugwira mwachibwana, munga wa m'mbali n'kundibaya pachikhatho, ndipo dzanja linafufuma mpaka mawa lake.

Ndinene chilungamo, chomanga chimapha nsomba koma sichindikoma. Ndi msampha. Chomwe ine ndimafuna ndi kuona patapata lija likumira ndi kumva nsungwi ikunjenjemera m'manja. Choncho masiku otsalawo tikamaliza kumanga ndinkawapempha kuti tikhaleko pang'ono dzuwa likamalowa, ine ndiponye yanga pampata pomwepo. Udzudzu wake wosasimbika. Koma ndi pamenepo pomwe ndinakoka mlamba wanga woyamba ndi dzanja langa, waung'ono ndithu, ndipo ndinakuwa mpaka agogo anati ndathamangitsa ena onse.

Tikudikira choncho ankakamba za kuphwa kwa nyanja. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, dzuwa n'kumamwa, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imauma. Iwo anaona mu 1968 ali kamnyamata, anaonanso mu 1995, ndiponso mu 2018 pomwe mabwato anangokhala pamatope ong'ambika pa Kachulu pomwepo, chilumba cha Chisi chikuoneka ngati phiri la kumtunda. Nsomba zotsala zimabisala m'maiwe a mitsinje ija ndi m'madambo, madzi akabwerera n'kuswananso. Ndiye anati ndikafuna malo abwino ndisamathamangire pakati pa nyanja, ndizifunsa pomwe mtsinje umathirira. Likangala yemwe uja ndinamunyoza ku tauni, kumathero kwake ndi kwina.

Pali chimodzi chomwe chikundivutabe. Matemba ena omwe ndinkayanika anali ang'ono kwambiri, oti khoka lovomerezeka silingagwire. Aliyense pa doko amadziwa kuti amenewo amaphedwa ndi neti za udzudzu, ndipo a komiti ya pagombe amaletsa. Ine ndinawayanika, n'kulandira ndalama yanga.

Anzanga awiri andifunsa kuti ganyu yotere amaipeza bwanji. Palibe amene amakhoma chikalata pamtengo. Umafika pa doko mabwato akamakocheza, kupereka moni, kunyamulako dengu osatumidwa, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu wina amakuitana. Mugwirizane malipiro musanagwire mpeni, ndipo mufunse ngati ndi ndalama kapena ndiwo, poti ine ndinaphunzira mochedwa. Mukabwerako mukayezetse likodzo. Ine ndinayenda m'madzi amenewo masiku 10, ndipo ndikupita kukayezetsa Lolemba.

Pakadali pano kope likuti milamba 11, mwa iyo 3 ya pansungwi, makumba 6, ndipo matemba ndinasiya kuwerenga. Kwayamba kutentha, ndiye makumba ayenera kuyamba kudya bwino. Ndikufuna ndiyese nsima yokanda ndi madeya ngati nyambo, kumunsi kwa Domasi cha ku minda ya mpunga, Loweruka likubwerali. Mfundo ija ndikuyeserera pa mwendo wa tebulo madzulo aliwonse, ndipo pa 10 iliyonse ziwiri zikumasukabe.